Dzanja limene ndinakumanani ku Como

Bambo a Tadala, lero chikepe cha pa nyumba yathu ino ku Scarborough, mumzinda wa Toronto, chawonongeka, ndipo pokwera masitepe ndakukumbukirani. Patha zaka zitatu ndi miyezi iwiri chitisiyireni inu.

Ana atatitumiza ku Italy pokondwerera zaka makumi anayi za ukwati wathu, tinakhala masiku anayi m'hotela yakalekale ija ya m'mbali mwa nyanja ya Como. Kuchokera kumadzi kukafika pakhonde panali masitepe 62, ndinachita kuwerenga. Pa sitepe ya 20 munandigwira dzanja, zimene munali musanachitepo pagulu chikwatiranireni. Ine ndinalichotsa msanga. "Iii, mwayamba zachizungu ndi imvi zomwe? Anthu akuona!" Munaseka n'kunena kuti, "Amayi, kuno akutidziwa ndani?" Kenako munagwira khoma. Munaima katatu, mukunamizira kuyang'ana maluwa. Zimenezonso ndinawerenga, koma sindinafunse kanthu. Patapita miyezi isanu, dokotala kuno ku Toronto anandiuza kuti mtima wanu unali utatopa kalekale. Sichinali chizungu ayi, bambo. Munkafuna potsamira, ine n'kukumanani chifukwa cha maso a anthu osawadziwa. Ndikhululukireni.