Kamtengo ka a Festus

A Festus ndi aphunzitsi a kwaya kutchalitchi kwathu ku Chezi. Zaka makumi awiri akuimbitsa anthu, amene anamuthamangitsapo ndi mmodzi yekha: amuna anga a Felton, bambo a Thoko. Akuti mawu awo ankabalalitsa nkhuku za abusa.

Chaka chatha adokotala anati bambo a Thoko akufunika opaleshoni ya mapapo. "Koma mmene akupumiramu, ayi. Akayambe alimbitsa mpweya masabata anayi, apo ayi akadzadzuka kupuma kudzavuta." Thoko anali asanayambe n'kukwawa komwe.

Fodya anasiya. Mabaluni oti aziuzira inadya mbuzi. Kuyenda anakana: "Munthu wamkulu kumangoyenda wopanda kopita? Anthu ati ndapenga."

Ndinapita kwa a Festus kukawapempha kuti awalimbitse mpweya ndi nyimbo. Anavula magalasi.

"Mwana wanga, ndiimbitsenso Felton? Ndinakulakwira chiyani?"

Koma m'mawa mwake anafika ndi kamtengo kawo koimbitsira. Lamulo linali limodzi: kukwera phiri la kuseri kwa tchalitchi, pamwamba n'kukoka Ameni mpaka kamtengo katatsika.

"Kokera m'mimba, osati m'mapewa! Ameneyu ndi Ameni kapena ng'ombe yasowa mwana?"

"Aphunzitsi, ndikufa ine!"

"Ufe utamaliza."

Ine sindinaseke. Ndinkatsatira Thoko ali kumsana, maso pa milomo ya bambo ake, ndikuwerenga chamumtima. Sabata yoyamba Ameni ankathera pa folo. Yachinayi anafika twente, agalu a mudzi wonse akuthandizira.

Tsiku lowayeza, anesi anawapatsa kachipangizo koti auziremo. Bambo a Thoko anakoka mpweya, n'kungoima, masaya ali tuu, maso akusakasaka.

"Bambo, uziranitu!"

Osauzira. Ndinazindikira ndine: palibe kamtengo. Ndinatsomphola cholembera cha anesi n'kuchikweza m'mwamba. Anauzira. Anauzirabe. Ine ndi mantha aja ndinaiwala kutsitsa dzanja.

"Mayi, tsitsani cholemberacho, akomokatu awa!"

Adokotala anati tsopano ali bwino. Opaleshoni inachitika, ndipo anadzuka akupuma okha. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuwerenga mpweya uliwonse.

A Festus anabwera kudzazonda atatenga nthochi. Bambo a Thoko ananong'ona: "Aphunzitsi, tsopano m'kwaya ndilowa?"

A Festus anasenda nthochi imodzi, n'kudya okha.

"Mpweya uli nawo, Felton. Koma mawuwo adokotala sanawakhudze."