Wochapa Zovala pa Nyumba ya Okalamba a Chiyuda

Mu Febuluwale 1974, Zelipa Nankwenya analandira kalata yomuuza kuti walepheranso mayeso a unamwino. Kanali kachiwiri. Anaiwerenga ataimirira pa bokosi la makalata, pansi pa nyumba yosanjikizana ya ku Scarborough, dera la ku Toronto kumene ankakhala. Atamaliza anakhala pa masitepe mpaka miyendo inachita dzanzi ndi kuzizira.

Anali ndi zaka 31. Mwamuna wake, Yotamu, anali atamwalira chaka chapitacho. Yotamuyo ndi amene anabwera naye ku Canada mu 1971, atapeza mwayi wodzachita maphunziro a uinjiniya ku Toronto. Anadwala impso, anagona m'chipatala masabata atatu, basi. Anasiya mkazi ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri, dzina lake Hilda.

Ku Malawi Zelipa anali namwino wodalirika. Anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pa chipatala cha mishoni ku Dedza, kubaya jakisoni, kusoka mabala, kuthandiza amayi pobereka. Koma m'chigawo cha Ontario, kumene kuli Toronto, mapepala akewo analibe ntchito mpaka atakhoza mayeso a komweko. Ndiye mayesowo ankafunsa za makina amene iye anali asanawagwirepo.

Ankakhala nyumba imodzi ndi mayi wina wa ku Zomba, Agnes, amene ankaphika pa nyumba yosungirako okalamba. Agnes atamva za kalatayo sanachulutse mawu.

"Achemwali, kuntchito kwathu akufuna munthu wa ku londile. Mukakaapulaya mawa, akulembani."

"Ine namwino, ndizikachapa zovala?"

"Hilda sadya satifiketi," anatero Agnes.

M'mawa mwake Zelipa anakwera basi, kenako sitima ya pansi pa nthaka, kenako basi ina, mpaka ku North York. Anamulemba tsiku lomwelo.

Malowo ankatchedwa Nyumba ya Rivka. Munkakhala nkhalamba za Chiyuda zokwana makumi asanu ndi limodzi, zambiri zochokera ku Poland ndi ku Hungary. Amene anamanga nyumbayo anali Bambo Hersh Zalcberg, ndipo anaitcha dzina la mayi awo amene anaphedwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Bambo Zalcberg anafika ku Toronto nkhondo itatha, ali ndi sutikesi imodzi. Anayamba ndi kusoka majasi pa makina obwereka, kenako anadzakhala ndi fakitale yawoyawo.

Atalemera, iwo ndi ana awo awiri anakhazikitsa thumba la chithandizo la banja lawo. Kawiri pa chaka ankakhala pa tebulo kunyumba kwawo n'kumawerenga makalata a opempha thandizo. Lamulo la thumbalo linali limodzi: ankathandiza ntchito za Ayuda zokha, monga masukulu, masunagoge, manda ndi nyumba za okalamba.

Zonsezi Zelipa analibe nazo ntchito. Yake inali kukankha ngolo m'zipinda, kuyalula nsalu za pa bedi, kukazichapa m'chipinda cha pansi, kusita ndi kupinda. Manja ake anang'ambika ndi sopo. Kalata zopita kwa makolo ake ku Dedza ankalemba kuti akugwira ntchito pa chipatala. Sankafotokoza kuti ntchito yanji.

Koma maso a unamwino anali nawobe. Anaona kuti Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku osambitsa okalamba, pansanjika yachiwiri pankamveka kukuwa. Wokuwa kwambiri anali Mayi Perla, wa zaka 76, amene mutu unali utayamba kusokonekera ndi ukalamba. Masiku ena onse anali munthu wofatsa. Tsiku losamba ankakanda, kuluma, kugwira chitseko ndi manja awiri. Antchito awiri ankamunyamula mokakamiza, ndipo akamaliza ankamumwetsa mankhwala ogonetsa.

"Ndi ukalamba umenewo," ankatero antchitowo.

Zelipa sanakhutire. Nkhalamba zosokonekera mutu anali atazisamalirapo zambiri, koma sanaonepo munthu woopa madzi chonchi. Tsiku lina akuyalula bedi anaona manambala odindidwa pa mkono wa Mayi Perla. Anapita kwa Bambo Mendel, nkhalamba ina ya pa nyumbapo imene kale inali mphunzitsi ndipo mutu wake unali bwinobwino.

"Bambo, pepani, ndifunse nawo. Mayi Perla amaopa chiyani?"

Bambo Mendel anayankha motsitsa mawu.

"Mwana wanga, m'misasa imene anatitsekera pa nthawi ya nkhondo, mmene anatidinda manambala pa mkono, anthu ankauzidwa kuti vulani mukasambe. Amene analowa m'zipinda zosambirazo sanatulukemo amoyo. Ana awiri a Perla analowa. Ndiye anthu ovala yunifolomu akamugwira, n'kutseka chitseko, n'kutsegula mpope wa pamwamba, iye sakhalanso ku Toronto ayi."

Zelipa anabwerera ku londile. Tsiku lonselo ankaganiza za chipatala cha ku Dedza. Kumeneko kunalibe mipope ya pamwamba. Odwala ankawasambitsa ndi beseni ndi kansalu, chiwalo chimodzi chimodzi, kwinako atawafunditsa.

Anapita kwa mkulu wa anamwino kukapempha kuti ayesere. Yankho linali lachidule: "Ntchito yanu ili pansi, ku londile."

Anabwerera, koma sanaleke. Anapempha Bambo Mendel kuti azimuphunzitsa Chiyidishi, chilankhulo chimene nkhalambazo zinakula nacho, chimene Mayi Perla ankamva bwino kuposa Chingerezi. Nthawi ya nkhomaliro iliyonse ankakhala nawo pa benchi ndi kakope. Anaphunzira kunena kuti madzi ndi ofunda, chitseko ndi chotsegula, palibe akukukakamizani. Bambo Mendel ankaseka katchulidwe kake mpaka kutsokomola, koma sanatope naye.

Patapita miyezi inayi, antchito atatu anadwala chimfine sabata imodzi. Mkulu wa anamwino anasowa pogwira. Anamuitana Zelipa.

"Munati mukufuna kuyesa. Yesani."

Zelipa anavula yunifolomu yoyera ya ku londile, anavala diresi lake ndi chitenje. Anatenga beseni la madzi ofunda n'kulowa nalo m'chipinda cha Mayi Perla, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Analankhula mawu amene anaphunzira aja.

Mayi Perla anakankha beseni, madzi onse anatayikira pa chitenje.

Lachinayi anabweranso, anangokhala pampando ndi beseni pamiyendo, osamukhudza. Sabata yotsatira anaviika manja ake m'madzimo n'kumasamba yekha, Mayi Perla akuonerera. Sabata yachitatu mayiyo anatambasula dzanja limodzi. Kusamba thupi lonse kunatheka pa sabata yachisanu ndi chimodzi, popanda kukuwa, popanda mankhwala.

Pofika kumapeto kwa chaka, Zelipa ankasambitsa nkhalamba khumi ndi imodzi mwa njira imeneyi, kwinaku ntchito ya ku londile ikumudikira.

Kenako kunabwera munthu wa boma woyendera nyumba za okalamba. Atamva kuti wochapa zovala akusamalira odwala, analemba kuti zimenezi zileke. Mkulu wa anamwino anamuitananso.

"Ntchito yanu ndaiona ndi maso anga. Koma mulibe pepala, ndipo ine sindingatseketse nyumba ino chifukwa cha inu."

Lachiwiri lotsatira kukuwa kunayambiranso. Zelipa ankakumva ali pansi, akupinda nsalu.

Njira inali imodzi yokha, kukhoza mayeso aja. Koma anadziwa kuti kuwerenga yekha m'basi sikungamuthandize. Ankafunika kulowa sukulu ya chaka chimodzi yokonzekeretsa anamwino ochokera kunja, ndipo sukuluyo sakanaikwanitsa ndi malipiro a ku londile, ali ndi mwana.

Analembera thumba la banja la a Zalcberg. Yankho linabwera laulemu: thumbali limathandiza ntchito za Ayuda zokha, ndipo silithandiza munthu payekha. Analembanso, yankho linali lomwelo. Kalata yachitatu sanaiyankhe n'komwe.

"Achemwali, zisiyeni," anatero Agnes. "Mudzafayalidwa nazo izi. Anthu aja ndi mabwana."

"Ngati n'kundichotsa andichotse, koma ayambe andimva."

Bambo Zalcberg ankabwera pa nyumbapo Lachisanu loyamba la mwezi, m'mawa, kudzacheza ndi nkhalamba. Mu Meyi 1975, Zelipa anawadikira m'khonde ndi ngolo yake. Anafika ndi mwana wawo wamkazi, Dvora, amene ankalemba makalata a thumbalo.

"Bwana, ndine Zelipa Nankwenya. Ndinakulemberani katatu."

"Ndakumbukira," anatero Bambo Zalcberg. "Mayi, musationere moipa. Anthu athu anatsala ochepa, ndipo palibe wina adzawasamalire ngati ife sititero. Chithandizo chathu ndi cha Ayuda."

"Ndamva, bwana. Nanga amene akukuwa m'mwambamu Lachiwiri lililonse ndi a mtundu wanji?"

 Zelipa anapitiriza.

"Ine sindikupempha kuti mundithandize chifukwa ndine wamasiye. Ndikupempha kuti mundilole ndibwerere kwa Mayi Perla."

Bambowo anakwera masitepe okha. Anakhala m'chipinda cha Mayi Perla pafupifupi ola lathunthu, akulankhula naye Chiyidishi. Potuluka maso anali ofiira, ndipo ananong'oneza Dvora mawu ochepa n'kudutsa Zelipa. Dvora ndi amene anaima.

"Mayi Perla akufunsa kuti mkazi wa beseni uja anapita kuti," anatero. "Tilembereni zonse zimene mumachita, mwatsatanetsatane."

Zelipa analemba masamba asanu ndi atatu, pamanja. Bambo Mendel anamukonzera Chingerezi.

Pa tebulo la a Zalcberg nkhaniyo inavuta. Mwana wawo wamwamuna ananena kuti akaphwanya lamulo kamodzi, mawa kubwera anthu mazana. Dvora ananena kuti palibe lamulo likuphwanyidwa, popeza opindula ndi nkhalamba zawo zomwe. Anakambirana misonkhano iwiri yapadera mwezi womwewo osagwirizana. Pamapeto pake Bambo Zalcberg anagamula. Lamulo analisiya momwe linalili, koma anatsegula gawo latsopano la thumbalo, lophunzitsa anthu osamalira okalamba amene anapulumuka m'misasa ya nkhondo, kaya wophunzirayo ndi Myuda kaya ayi. Woyamba anali Zelipa. Anamuuza kuti akakhoza adzagwire ntchito pa Nyumba ya Rivka zaka zitatu, ndiponso aziphunzitsa anzake.

Sukulu sinali yophweka. M'kalasi iye ndiye anali wamkulu kwa onse. Mayeso oyamba a pasukulupo anapeza malikisi otsika, moti mphunzitsi anamufunsa ngati akufunadi kupitiriza. Anayankha kuti inde, n'kupempha mafunso ena oyeserera. Loweruka ankapitabe ku Nyumba ya Rivka ngati mlendo, kukakhala ndi Mayi Perla. Lamulo silinkaletsa mlendo kupukuta nkhalamba manja ndi nkhope.

Analemba mayeso kachitatu mu Juni 1976. Mayi Perla anamwalira mu Julayi, zotsatira zisanatuluke. Mwa mwambo wa Chiyuda, mtembo wa mayi umasambitsidwa ndi amayi osankhidwa a mpingo wawo. Zelipa sanapemphe kulowa. Anadikira panja. Atamaliza, mmodzi wa amayiwo anatuluka n'kumugwira dzanja.

"Tamva kuti ali moyo munkamusambitsa ndinu. Zikomo."

Mu Ogasiti zotsatira zinatuluka. Anakhoza.

Anayamba ntchito ya unamwino pa nyumba yomweyo, pansanjika yachiwiri. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kuphunzitsa antchito onse, ophika ndi osesa omwe, mbiri ya anthu amene ankawasamalira. Bambo Mendel ankabwera kudzalankhula. Antchito ena analira, chifukwa anali atagwira ntchito zaka zambiri osadziwa chimene nkhalambazo zinkaopa.

Zaka zitatu zija zitatha, Zelipa sanachoke. Pofika 1979 anali mkulu wa anamwino a nsanjika yonseyo. Thumba la a Zalcberg linali litafikitsa maphunzirowo ku nyumba zina zinayi za okalamba a Chiyuda, ndipo linali litalipirira sukulu antchito oposa makumi awiri, ochokera ku Jamaica, ku Philippines, ku Portugal ndi kwina. Makalata opempha thandizo la okalamba akafika, Dvora ankawatumiza kaye kwa Zelipa kuti anenepo maganizo ake.

Chaka chimenecho mtsikana wina wa ku Jamaica, wosesa pa nyumba ina mwa zinayizo, anabwera kwa iye akulira. Anali atalephera mayeso ake oyamba ndipo ankafuna kusiya.

Zelipa anamupatsa mpando, n'kumufunsa tsiku la mayeso otsatira.

"Novembala," anatero mtsikanayo.

"Ndiye tili ndi miyezi inayi. Bwera ndi mabuku ako Lolemba."

Owerenga, mwina inunso muli pa ntchito imene simunaiphunzirire, kapena mwalephera kawiri, kapena munapempha thandizo n'kukanidwa mwaulemu. Zimenezo n'zopweteka, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti sizipweteka. Koma zimene mukudziwa palibe angakulandeni, ndipo penapake pali munthu amene akuvutika lero chifukwa luso lanulo silinamufike. Dzukani, mukagwire ntchito imene ilipo, mupemphenso, mulembenso mayesowo. Mtima wanu usafooke.