Ndalama Yamtanda ya Bambo Anga

Bambo anga, a Laurenti, ankakhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika wa Ndirande. Kwawo kunali ku Nsanje. Mowa sankamwa, za mpira analibe nazo ntchito. Chawo chinali ndalama zakale. Mapeni obowoka pakati aja, matiki, mashereni a nthawi ya atsamunda, ankatolera m'chitini cha mkaka. Lamulungu tikabwera ku Misa ankaziyala pamphasa n'kumazitembenuza imodziimodzi.

Panali ina yachikasu, yolemera, yokhotakhota m'mphepete, ili ndi mtanda pakati. Anawapatsa munthu wothawa nkhondo ku Mozambiki posinthana ndi ndowa. Bambo ataona mtandawo anati ndi mendulo yoyera. Anaibowola ndi msomali n'kuimangirira ku korona wawo.

Mu 2012 anayamba kutupa miyendo. Mankhwala amene adokotala ananena anali ogula, odula zedi. Achimwene anga a Nikolasi anabwera ndi bambo wina wa ku Limbe wogula zinthu zakale. Mlendoyo zam'chitini anangozikankhira pambali. Ataona ya pa korona anaiyandikitsa kumaso.

"Madala, mukudziwa chimene mwamangirirachi? Golide wa ku Spain uyu, wakalekale. Anabowola ndani?"

"Ndine."

"Aaa, mwaipha. Osunga zakale sangaifunenso. Ndingoikweza pasikelo, tikasungunule. Mankhwalawo mugula."

"Musungunule mtanda?"

"Si ya tchalitchi iyi, madala. Ndi ndalama basi."

"Ndapemphera nayo kuyambira uyu akuyamwa," anatero bambo akuloza ine. "Lero ndiiponye pamoto ngati chitini?"

Ndinagwada pamaso pa mlendo. "Ababa, chonde. Korona tigula wina. Inu tikakugulani kuti?"

"Magdalena, dzuka, ukudetsa chitenje. Apatse alendo madzi azipita."

Ndinawakwiyira, masiku angapo phala ndinkangowaikira osayankhula. Iwo ankangoti zikomo mayi.

Mwezi sunathe, anatisiya. Tikuwaika m'bokosi, a Nikolasi anandinong'oneza kuti tidule kachingwe ka pa korona titenge ndalama ija, maliro ali ndi zofunika zambiri. Anandipatsa lezala. Ndinaigwira ndithu, koma dzanja linakana. Ndinakulunga korona uja m'manja mwawo, ndalama ija ndinaibisa kunsi kwa zala kuti anthu asaione.

Kaya mankhwala aja akanawachiritsa, sindidziwa. A Nikolasi amati akanachira, ndipo kwanga ku Chilomoni sanapondeko mpaka lero.