Mabisiketi a Adzukulu

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka. Akuluakulu a kumeneko ataona mayeso anga anagwirizana kuti nzeru ngati zanga zikufunika kwambiri kumudzi, ndipo anandilembera kalata yondimasula. Ndinabwerera kwathu ku Chiringa ndi chikwama, jekete ndi Chingerezi. Kwa miyezi itatu ndinatumikira dziko pokhala pakhonde, mpaka mayi anga anatopa. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi anandigwira padzanja n'kukandipereka kwa a Makwinja ngati nkhuku ya chakhumi.

A Makwinja anali bambo wachikulire amene anaphikira azungu ku esiteti ya tiyi ku Mulanje mpaka imvi mbuu. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali. Kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda wa udzu, anamanga uvuni: diramu logoneka lokutidwa ndi njerwa ndi dothi, nkhuni pansi, mathireyi awiri mkati. Masiku wamba ankaphika masikono a pamsika. Koma kukayamba kuzizira, alendo okwera phiri n'kuchuluka, mayi wina wa loji ya m'munsi mwa phiri ankaitanitsa mabisiketi a maapozi ndi otsi, mbewu ija ya phala la azungu, oti alendowo azinyamula m'zikwama. Amenewo ndiwo anali ulemerero wathu.

Tsiku loyamba a Makwinja anandiyang'ana m'manja n'kufunsa ngati ku koleji amaphunzitsa kuwaza nkhuni. Ndinayankha kuti phunziro limenelo linali la chaka chachitatu. Kuyambira pamenepo dzina langa linakhala a Koleji.

Ntchitoyo inali ndi malamulo ake. Majarini ndi shuga wofiirira umatakasa ndi mthiko mpaka mkono upemphe tchuthi, kenako mazira, limodzilimodzi. Maapozi umawapala pa gireta n'kuwafinya m'kansalu koyera, chifukwa madzi akatsalira bisiketi imatuluka yolobodoka ngati chigumu chogona. Madzi ofinyidwawo ndinkamwa ndine, ndiyo inali alawansi yanga. Kenako ufa wa tirigu, otsi, soda, mchere pang'ono, sinamoni ndi jinja, zonse zoyezedwa ndi kapu yachitsulo yothyoka chogwirira imene anachoka nayo ku esiteti. Pofuna kudziwa kutentha kwa uvuni ankawaza ufa pa thireyi n'kuwerenga mpaka khumi m'Chilomwe. Ufa ukafiira, lowetsa. Ukada, dikira. Maapozi ndi otsi zinkabwera pa minibasi kuchokera ku Limbe kamodzi pa sabata, zokwanira kuphika kamodzi basi.

Tsiku lovuta linali Lachisanu lina mu Juni. Mabisiketi ankafunika ku loji madzulo omwewo, popeza alendo ankanyamuka Loweruka m'mamawa. Koma nditafika kuntchito ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Mayi wina wa nyumba yachinayi kuchokera pa a Makwinja anali atatisiya, ndipo maliro anali oti aikidwe masana. Kwathu maliro akagwa khasu limagona, wailesi imatseka pakamwa, wanjinga amatsika n'kumakankha. A Makwinja anavala jekete n'kunena kuti lero uvuni suyaka. Ndinawakumbutsa za loji. Anati loji ilibe adzukulu, n'kutuluka.

Ndinatsala ndekha ndi maphunziro anga. Nditaisanthula nkhaniyo bwinobwino, ndinapeza kuti chimene mudzi umaletsa ndi kuoneka ukugwira ntchito, osati ntchitoyo ayi. Ndinatseka chitseko cha mpanda. Ndinasankha nkhuni zouma za bulugamu zosafuka utsi wambiri, ndipo sindinawaze ngakhale imodzi kuopa phokoso. Mazira ndinawaswa mwaulemu. Maso ndi makutu a mudzi wonse ndinali nditawaganizira. Mphuno ndinaziiwala.

Tsiku limenelo kamphepo kankachokera kuphiri, kudutsa pauvuni pathu, kulunjika kusiwa. Anandiuza pambuyo pake kuti mkulu wa mpingo ali mkati molalikira, anthu anayamba kudzutsa mitu mmodzimmodzi, kenako onse n'kutembenukira kwa a Makwinja. M'dera lonselo nyumba yonunkhira sinamoni inali imodzi.

Ndikutulutsa thireyi yomaliza, chitseko chinatseguka. Analowa a Makwinja, kumbuyo kwawo anyamata awiri okumba manda, matope mpaka m'maondo. Wamkulu wawo, a Dyton, anayang'ana mabisiketi ali ndandanda pa sefa kuti azizire, n'kuseka.

"Madala, ife tikukumba, inu mukuphika? Chabwino. Tsiku lanu likadzafika mudzalowe m'diramu momwemu, a Koleji adzatseke."

Ananena moseka, koma sanali nthabwala. Adzukulu akakukana amakhala pansi ndi makasu awo, dzuwa n'kulowa maliro ali m'nyumba. Ndipo a Makwinja sanali munthu woti tsiku lawo lili kutali. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere mlandu, koma anandiponda phazi ndi nsapato yawo ya kutchalitchi.

"Ndamutuma ndine," anatero. "Kuzizira konseku anyamata amwe tiyi wopanda kanthu? Koleji, tenga malichero."

Ndinafunsa chapansipansi kuti angati. Anati onse.

Ndinasenza mabisiketi a azungu mpaka kumanda, ine wa chaka chimodzi ndi theka. Adzukulu anadya atakhala pamulu wa dothi. Mmodzi anati chigumu n'chabwino kuposa zimenezi, akuika anayi m'thumba. Otsala anapita kwa amayi a kusiwa.

Maliro ataikidwa ndinapalasa njinga yopanda katundu mpaka ku loji. Mayi wa loji uja anamvetsera, n'kunena kuti za maliro akuzimvetsa, koma alendo ake sakadya chipepeso pamwamba pa phiri. Chaka chimenecho anayamba kugula kwina. Nyengo yonse yozizira tinaphika masikono okhaokha, botolo la sinamoni lili pa shelefu kundiyang'ana.

A Makwinja sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Tsiku lina tikupaka mafuta m'mathireyi anangoti: "Mayi uja ali nako kogula kwina. Ine manda ndikagula kuti?"

Loji inabweranso chaka chotsatira, popeza enawo sankafinya maapozi. Ndinagwira ntchito ndi a Makwinja zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuwerenga mpaka khumi m'Chilomwe ndiko digiri yokhayo imene ndili nayo. Uvuni ndi kapu ija zili ndi ine tsopano. Ndikaona masamba pamsewu sindigwira machesi, oda ikhale ya ndani.

Lamuloli ndinaliswa kamodzi kokha. A Makwinja anamwalira nyengo yozizira, maapozi a sabata imeneyo atangofika kumene. M'mawa wa tsiku loika maliro ndili khale pafupi ndi uvuni wozizira, ndinamva kugogoda pampanda. Anali a Dyton, khasu paphewa, imvi zitayamba. Anati anyamata ayamba kale, dothi ndi lolimba koma afika pansi ndithu. Kenako anakanda m'mutu, akuyang'ana diramu.

"A Koleji, lero lokha uvuni ukhoza kuyaka."

Ndinawaza ufa pa thireyi, n'kuyamba kuwerenga.