Mkamwini Amene Analima ndi Mpeni

Inu amene mukuti moyo wakukanani, tamvani za Dunstan wa ku Thambani.

M'chaka cha 1974 Dunstan anabwerako ku migodi ya ku Joni ali ndi mwendo umodzi. Winawo unaphwanyidwa ndi mwala. Anzake ankafika ndi mawailesi ndi njinga, iye anafika ndi ndodo ziwiri.

Tsono anali mkamwini, ankakhala kwawo kwa mkazi wake, Enelesi. Mukudziwa nokha kuti mkamwini amayesedwa ndi khasu, ndipo m'mudzimo ankati mkamwini sadzala mtengo poti sadziwa tsiku lonyamuka. Minda ya kumeneko ndi yam'mapiri. Dunstan anayesa kulima chokhala, n'kugubuduzika mpaka mzere wachitatu, anthu akuseka.

A Paison, amalume ake a Enelesi, sanazungulire.

"Ife tinkafuna mkamwini, osati mwana wina woti tizimudyetsa. Tikakolola muone msewu. Ana atsala."

Ana atsala! Mawu amenewo anamupweteka kuposa mwala uja. Analira, munthu wamkulu, mkazi wake akuona.

Tsiku lina atapita kukatsukitsa bala, anapeza a Mhango, adokotala ochokera ku Rumphi, akusewera tchesi pakhonde ndi mphunzitsi wina. Tizidole tina ta masewerawo tinali titasowa, moti m'malo mwa kavalo anaikapo chitsekerero cha botolo.

"Ndikusemereni kavaloyo?" anafunsa Dunstan.

"Mumatha?"

"Ndili mwana ndinkasema zipande."

Abale inu, kavalo woyambayo! A Mhango anaseka mpaka misozi. "Achimwene, iyitu ndi mbuzi ya bere." Wachiwiri anaoneka bwino, koma chifukwa cha phuma Dunstan anasema mtengo wauwisi, ndipo patangotha sabata kavalo anang'aluka kuyambira kukhutu mpaka pansi. Wachitatu anapepuka kwambiri, kamphepo kakangowomba ali pansi.

Wina akanataya mpeni. Iye anayamba kuumika mitengo kutsindwi komwe kumafika utsi. Enelesi akamachokera ku nkhuni ankamubisira phingo pakati pa mtolo, woti asemere tizidole takuda. Toyera ankasema ndi mtengo wa malaina. Kunsi kwa kachidole kalikonse ankaboola n'kukhomeramo kachitsulo kuti kalemere. Zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika, iye osasiya.

Kenako anatopa n'kukopera za azungu. Asilikali ake anawapachika timakasu paphewa, tosema padera n'kumata ndi guluu. Mfumukazi anaisenzetsa mtsuko, nsanja anaisandutsa nkhokwe. Mfumu anaipatsa dazi ndi kaliwo pakamwa, ndendende a Paison. Kaya kunali kulemekeza kaya kubwezera, ine sindidziwa.

A Mhango anaonetsa tizidoleto kwa a Swaibu, wamalonda wa pa boma amene ankapitapita ku Blantyre. A Swaibu anatenga bokosi limodzi mokayikira. Patatha milungu iwiri anakwera okha njinga mpaka ku Thambani, thukuta kamukamu, akufuna mabokosi asanu.

Komabe Dunstan mtima sunakhale pansi. Munthu wosalima ndi wosalima basi, ndipo a Paison sankabweza mawu.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, m'mawa wina a Paison anatulukira. Anayang'ana malata atsopano otsamira khoma, anayang'ana ana atavala yunifolomu, kenako anatola mfumu ija pamphasa. Anaitembenuza kangapo konse.

"Dazi langa n'lalikulu chonchi?"



"Achepetsako, amalume," anayankha Enelesi.

A Paison anabweza kachidoleko n'kuchoka osatsanzika. Dunstan anauza mkazi wake kuti amumangire zovala m'chitenje. Asanamalize kumanga, mkulu uja anabweranso, m'manja muli mbande ya nachesi, dothi likadali kumizu.

"Dzalani kuseri kwa nyumbaku. Mtengowu umayamba kubereka pakapita zaka zisanu. Ndidzadye nawo."

Dunstan anapuma mpweya wautali, misozi ili chuchuchu, koma ulendo uno inali ya chimwemwe. Dzenje anakumba yekha, chokhala, ana ake akumuthandiza kukankha dothi. Enelesi anamasula chitenje chija n'kubwezera zovala m'malo mwake.

Inu mukuwerenganu, mwina nanunso anakupatsani tsiku lonyamuka. Khasu likakukanani, yang'anani chimene chatsala m'manja mwanu, ngakhale katakhala kampeni. Kavalo wanu woyamba adzaoneka ngati mbuzi, anthu adzaseka. Semaninso wina. Musataye mtima, mbande yanu ikubwera.