Botolo la Madzi a Kudambo

Ahedi a pasukulu ija ya kwa Dzoole sindinawakhululukire mpaka lero, ndipo musandiuze zoti Akhristu amakhululukirana.

Mphunzitsi wamkazi ndinalipo ndekha, ndipo ndinkaphunzitsa sayansi ku Sitandade 8. Iwo ankafuna kalasiyo ipite kwa mlamu wawo, ine andiponye kwa ana a mamina. Koma wogamula anali insipekitala wa ku Dowa, amene ankabwera kudzandiona ndikuphunzitsa.

Ndinakonzeka. Ndinakatunga madzi obiriwira pachithaphwi cha kudambo pomwe ng'ombe zinkamwa, n'kuwathira m'botolo. M'madzi otere mumakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso, kalikonse selo imodzi basi ndi kamchira kosambirira. Tilibe ubongo, komatu kumwamba timakudziwa. Kumbuyo kwake n'kolemererapo, ndiye dziko likakakoka kamapendekeka n'kuloza m'mwamba, n'kumasambira kulowera komweko. Ukavindikira botololo ndi mtsuko kuti kuwala kusatikope, umadzatipeza tonse titasonkhana pakhosi pa botolo, mzere wobiriwira. Timene timagwera pansi ndi takufa tokha.

Kutatsala tsiku limodzi ndinawaonetsa ahedi. Anawerama, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Ndinawauzanso kuti botololo silifuna kugwedezedwa.

M'mawa mwake ndinaliika patebulo belu lisanalire, n'kulivindikira. Insipekitala anakhala kumbuyo kwa kalasi. Ahedi analowa nawo, baji ya chipani ili pajekete. Nditangomaliza kufotokozera ana zomwe aone, ahediwo anandipitirira.

"Kodi aphunzitsi, mwabisa chiyani umu?" anatero akuvundukula mtsuko. Ananyamula botolo lija n'kulikhutchumula ngati mankhwala a chifuwa. "Aa, si madzi a ng'ombe awa?"

Ana anaseka. M'botolo monse munangoti mbuu, mzere uja osaonekanso.

"Bwana, tidikireko pang'ono," ndinauza insipekitala. "Tikweranso."

Iye anayang'ana wotchi. Ku Mponela kunali msonkhano wa chipani, ndipo masiku amenewo munthu sankachedwa kumeneko chifukwa cha tizilombo ta m'chithaphwi. Ananyamuka. Nanga ndikanadandaula kwa yani, poti amene anandichita chipongwe ndi yemwenso ankatigulitsa makadi a chipani? Mumtima ndinawatukwana ahediwo ndi mtundu wawo womwe.

Ndinavindikiranso botololo. Ana ataweruka ndinavundukula, ndipo mzere uja unali pomwepo, wobiriwira kuposa dzulo lake. Ndinalinyamula ngati mazira, pang'onopang'ono, kudutsa bwalo lonse mpaka muofesi mwawo, n'kuliika patebulo.

"Taonani, ahedi."

Sanawerame n'komwe. Anangoponyako diso.

"Ndaona, mayi. Chimodzimodzi dzulo," anatero. "Mawa mukayambe ku Sitandade 1."

Botololo ndinawasiyira pomwepo. Sayansi sindinaphunzitsenso mpaka kupuma ntchito.