Mankhwala a ba Tisa si mwamuna

Lachiwiri kwathu ku Chinyunyu kunafika galimoto yoyera. Anthu a kafukufuku, zipewa kumutu, kudzaona mbozi za m'chimanga. Mbozi imodzi anaijambula kumaso, kumbuyo, m'mbali, ngati mkwatibwi. Ine chimalizireni giredi 12 palibe anandijambulapo choncho.

Nthawi yomweyo ba Tisa, akulu anga, anali pamphasa kuseri kwa nyumba, atadzipinda ngati bongololo, botolo la madzi otentha pamimba. Akakhala kumwezi ndi momwemo: kusanza, kubuula, nthochi zawo za pamsewu kuola popanda wogulitsa. Mapilisi amene amwa angadzaze thiraki ya ku Chipata.

Matendawa dzina lake n'lotalika ngati msewu wa ku Lusaka: endometiriyosisi. Titazungulira zipatala mpaka nsapato kutha, adokotala ena anati ndi minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero yomwe imamera kunja kwake. Chimayambitsa n'chiyani? Sichidziwika bwino. Mankhwala ochiziratu? Akali kufufuza.

Manje ine ndinafunsa wachipewa mmodzi: "Ba bosi, mukatsiriza mbozi simungafufuzeko ba sisi?"

Anaseka. "Iwe, ndalama anatipatsa ni za mbozi chabe."

Chimanga sindidana nacho, ndimadya kuposa nyumba yonse. Koma amene amasankha kuti ndalama za kafukufuku zipite uku, osati uku, ndi ndani? Anagonapo pamphasa ija?

Poti ophunzira ali chete, ba anti athu achita kafukufuku wawo, n'kuuza ba Tisa: "Ukabereka chimatha ichi, osadzinyengerera." Mankhwala apeza kale: ba Phiri ogulitsa makala, a njinga ziwiri ndi dazi looneka uli ku Luangwa.

Chonsecho adokotala ananena poyera kuti mimba si mankhwala, ndipo matendawa ena amawavutitsa ngakhale kutenga pakati komweko. Nanga akakwatiwa, mwana osabwera, adzatukwanidwa ndani? Mbozi?

Dzulo ba Tisa, amene ankalumbira kuti sakwatiwa asanatsirize kosi ya zosoka, anandinong'oneza: "Mwina ningovomela chabe. Nalema."

Zinazi mwina ndakokomeza, koma pa mawu awa pokha sindinawonjezere kanthu.

Loweruka abale a ba Phiri akubwera kudzafunsira. Inu ogawa ndalama za kafukufuku, amati mwana wosalira amafera m'mbereko. Uyu walira mpaka ku Mpanshya amva. Galimoto yoyera ija idzakhotera liti kuseri kwa nyumba?